Perefyumu wa Mlamu Wanga

Mphuno yanga siinama. Zimenezi mukafunse aliyense wa pamsika wa ku Neno. Ine Modesta ndagulitsa manachesi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo dengu likangotsitsidwa pamutu ndimadziwiratu ngati pansi pake pali limodzi loyamba kuvunda. Anzanga amachita kukhuthula dengu lonse, ine ndimangopendeketsa mutu. Choncho pamene mlamu wanga Callista anadutsa pa benchi yanga Lachiwiri lina la mwezi wa Juni, chaka cha 1996, sindinachite kufunsa munthu kuti fungo likuchokera kuti.

Anali atadzipopera perefyumu. Mkazi wamasiye, miyezi isanu ndi inayi yokha chimuikire mwamuna wake m'manda, asanasudzulidwe n'komwe.

Akanakhala perefyumu weniweni bwenzi ndikuti chabwino, wachimwa koma wachimwira chinthu chooneka. Ine perefyumu ndimamudziwa. Mkazi wa mphunzitsi wamkulu anali naye wina woti akalowa m'tchalitchi, a kwaya ankayetsemula mpaka nyimbo kuduka. Ameneyo ndiye perefyumu, mwiniwake wachoka kalekale koma fungo latsala likumusungira malo. Wa mlamu wangayu anali kanthu kamanyazi. Kankayamba ngati wina akusenda nachesi kuseri kwa nyumba, kenako n'kubwera kafungo ka pichesi lakupsa, pomalizira timaluwa ta mandimu, basi. Ukati ununkhize bwinobwino, kathawa. Ndinaseka ndekha pabenchipo. Munthu wamkulu ndithu kukagula m'botolo fungo limene ine ndimalimbana nalo ndi sopo madzulo aliwonse kuti lichoke m'manja mwanga.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero iye, akupinda mawondo ngati munthu waulemu.

"Tadzuka ife osanunkhirafe," ndinayankha.

Anaweramitsa mutu n'kupitirira kukagula mchere. Sanayankhe, ndipo kusayankha kwakeko n'kumene kunkandinyansa chiyambire tsiku limene anafika pamudzi pathu.

Zaka zimenezo anthu anali atapenga ndi matipate. Chopusa chilichonse chimene munthu wachita ankati ndi ufulu. Atsikana a paboma anayamba kuvala mathalauza, ndipo mbuzi zikakudyera ndiwo m'dimba, mwini mbuzi ankakuuza kuti tili mu demokalase. Ndiye ndinati mumtima, eya, ufulu uja tsopano wafika mpaka m'khosi mwa akazi amasiye. Komatu kwathu kuno mwambo ndi wodziwika. Mwamuna akamwalira, mkazi amatha chaka osadzikongoletsa, osadzola zonunkhira, osaseka ndi amuna panjira, mpaka akuchimuna atamusudzula. Akalakwira pamenepo, amanyamula mphasa yake n'kubwerera kwawo, zonse za malemu n'kuzisiya.

Malemuwo anali mchimwene wanga Gerishon, amene ndinapondana naye. Ankagwira ntchito ya ulonda ku Luwani, kumsasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ali komweko anatola Callista, mtsikana wa ku Midzemba, n'kubwera naye kuno kumapiri pa chitengwa. Anabereka ana awiri, onse aakazi. Pamalo a mayi athu, kumtunda kwa Matandani, Gerishon anabzala mitengo ya manachesi makumi asanu ndi limodzi. Callista amakonda kunena kuti madzi othirira mitengoyo ankatunga ndi iye, zaka zinayi zathunthu. Zoona, ankatunga. Koma kodi bulu akasenza madzi, mundawo umasanduka wake?

Sindibisa, mitengoyo ndinkaifuna. Ine wogulitsa manachesi wopanda ngakhale mtengo umodzi, kumayenda m'minda ya anthu kukapempha kuti andipikulitse, pamene pamalo a mayi anga pali mitengo yothyoka ndi zipatso, ikudyedwa ndi mlendo wa kuchigwa amene kwawo amadziwa malambe okha. Zinkandiwawa, ndipo aliyense amene akanakhala ine zikanamuwawa.

A ku Mozambique atabwerera kwawo, ntchito ya Gerishon inatha. Sanakhalitse pakhomo, anayamba kudwala. Kunali mutu, mutu, kenako maso anayamba kuchita chifunga, ndipo pofika Juni wa 1995 anali ataleka kuona. Abale athu, omwewo amene lero amalira mokweza akamutchula, ankangofika pakhomo n'kufunsa kuti wagona bwanji, atagwira mpweya, kenako ulendo. M'chipindamo tinkalowamo awiri, Callista chifukwa analibe kothawira, ndi ine chifukwa ndine magazi ake.

Ndipo magaziwo ankadziwika. Ndikachokera kumsika ndinkalowa mwakachetechete n'kukhala pamphepete pa bedi. Ndisanayankhule, Gerishon ankatukula mutu, n'kufufuza dzanja langa, n'kuligwira ndi manja ake onse awiri, kuliika patsaya pake akumwetulira. Munthu wosaona, koma mlongo wake ankamudziwa. Ndikati, "Ndine, Gerishon, waswera bwanji?" ankalitula dzanjalo pang'onopang'ono pabulangete n'kunena mwaulemu kuti, "Oo, achemwali, zikomo mwabwera." Nkhani imeneyi ndinaifotokoza pamaliro, ndinaifotokoza kumsika, ndinaifotokozanso kutchalitchi, mpaka ena anayamba kumaimaliza okha ndikangoiyamba.

Masiku omwewo Callista anandifunsapo ngati ndinaona mpango wake wabuluu wa timadontho toyera, umene anavala tsiku la chinkhoswe chake. Anati wausaka m'nyumba monse. Ndinamufunsa ngati nkhope yanga ikuoneka ya wakuba mipango. Anapepesa, koma ine sindinaiwale.

Gerishon anamwalira mu Seputembala. Titachoka kumanda, amalume a Benedict, amene ndiwo mwini mbumba yathu, anaimirira n'kulamula kuti Callista akhale pamalopo ndi kusamala mitengo chifukwa cha ana, bola asatichititse manyazi chaka chisanathe. Ndinangoluma mano. Tsiku lomwelo, anthu onse akuona, ndinalowa m'chipinda n'kutenga jekete la Gerishon lakuda lija, limene ankavala pa ulonda, ndipo ndinati ili ndi langa, ndizimukumbukira nalo. Palibe anatsutsa. Ndinakalitsekera m'bokosi langa lachitsulo, kiyi n'kumumangirira pachingwe cha m'khosi.

Kuyambira pamenepo ndinangokhala chete kudikira. Mkazi wa zaka makumi atatu, ndinkadziwa kuti tsiku lina adzaterereka.

Ndiye mu Meyi, manachesi atayamba kupsa, kunayamba kubwera lole yochokera ku Limbe kudzapikula. Dalaivala wake anali Mavuto, munthu wa mimba yaikulu ndi magalasi akuda, amene ankaitana mkazi aliyense kuti "asisi" ngati anayamwa bere limodzi. Loleyo inaima kawiri kumunda kwa Callista. Sabata yachitatu, mkazi uja akudutsa pa benchi yanga akununkhira mapichesi. Kodi pamenepa munthu amafunika kupita kusukulu kuti awerenge?

Tsiku lomwelo ndinasiyira mnzanga benchi n'kukwera phiri kupita kwa amalume. Ndinawapeza akuwothera dzuwa, akufwenkha fodya wawo wa pamphuno.

"Amalume, mlamu wathu wapeza mwamuna."

"Wamuona ndi maso, Modesta?"

"Ndamumva ndi mphuno."

Amalume anati galu wamkota sakandira pachabe. Sindinakonde kundiyerekeza ndi galu, koma ndinalola chifukwa mawuwo anali kumbali yanga. Anatumiza uthenga ku Midzemba kuti ankhoswe a Callista, a Ackim, abwere Lolemba, ndipo Callista anauzidwa kuti adzabwere ndi botolo lakelo.

Lolembalo kunacha ndi chiperoni, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinatsekula bokosi langa koyamba chichitikire maliro n'kutulutsa jekete la Gerishon. Ndinkafuna kuti pabwalopo aliyense aone amene akulira malemu moona. Ndikulivala ndinamva kafungo ka makoko a manachesi, koma sindinadabwe, popeza chilichonse chimene ndagwira ine chimanunkhira choncho, ngakhale Baibulo langa. Chimene chinandidabwitsa ndi chotupa m'thumba la m'kati. Ndinapisa dzanja n'kutulutsa kaphukusi kofewa, kokulungidwa m'mapepala a shuga apulasitiki awiri kapena atatu, komangidwa zolimba ndi mphira wa chubu cha njinga.

Mtima wanga unavina. Khuzumule, mankhwala aja opusitsira mwamuna kuti azingomvera mkazi. N'chifukwa chake Gerishon, munthu amene kale sankadya asanandifunse, anafika pomatsuka mbale mkazi atakhala. Sindinakamasule, chifukwa chithumwa sumasula uli wekha. Ndinakabwezera m'thumba n'kunyamuka, ndikuyenda ngati munthu amene mlandu waupambana kale.

Tinakhala pakhonde pa amalume. Iwo anali pampando wa ndalema, a Ackim pa kampando kena atagwira chipewa pamaondo, akunjenjemera chifukwa anthu a kuchigwa sadziwa chisanu. Ife akazi tinali pamphasa, ine pafupi ndi azakhali a Esnart, mlongo wawo wa malemu bambo athu, amene mano anawathera koma lilime likadali lonse. Callista anakhala payekha chapatali, atafunda chitenje chozilala, dala kuti aoneke wachisoni.

Botolo linaikidwa pakati. Kanali kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a chifuwa, kagalasi koyera, kojambulidwa pichesi ndi duwa loyera, madzi ake ofiirira pang'ono ngati tiyi wa munthu waumbombo. Anali atatsika kupitirira theka.

Amalume anakatenga, n'kukatembenuza uku ndi uku, osadziwa potsekulira. Callista anawauza motsitsa mawu kuti achotse chivindikiro n'kudina pamwamba. Anadina atakaloza kumaso kwawo. Titamaliza kuwapukuta, ananunkhiza m'mwamba kawiri ndi mphuno yawo yodzaza fodya ija.

"Awa ndi madzi," anatero. "Ine sindikumva kanthu."

A Ackim atapatsidwa anangokagwira ndi zala ziwiri ngati kachinkhanira, n'kunena kuti za akazi iwo sazidziwa. Azakhali a Esnart anadzipopera padzanja, osati kamodzi koma katatu, ananunkhiza atatsinzina, n'kunena kuti akumva ngati maswiti a ana aja a m'magolosale. Anatinso m'masiku awo mkazi ankadzola nsatsi ndipo amuna sankathawa. Kenako ananunkhizanso dzanja lija, ndipo ndinaona kuti botolo akuchedwa kulipereka.

"Tipatseni Modesta," anatero amalume. "Mphuno ya mlanduwu ndi yake."

Ndinadzuka, ndinakonza jekete la mchimwene wanga kuti aliyense alione, ndinapopera kamodzi m'mwamba n'kudikira kuti fungo litsike.

"Amalume, ankhoswe, azakhali," ndinayamba, "ameneyu si perefyumu wa mkazi wolemekezeka. Choyamba ndi wachabechabe. Ndi makoko a manachesi, pichesi limodzi ndi timaluwa, zinthu zimene ife kuno timataya ku nkhumba. Wogula zimenezi ndi munthu wa m'tauni amene sanaonepo mtengo. Chachiwiri, tamvani kufooka kwake. Mukawerenga mpaka makumi awiri, kapita. Perefyumu wamphamvu ndi wa mkazi wofuna kuti anthu onse amuone, ndipo wotere amakhala wopusa chabe, alibe chobisa. Koma wofooka chonchi, woti sumumva pokhapokha utayandikira, amadzolera munthu mmodzi. Munthu amene amafika pafupi. Ndiye atiuze mlamu wathuyu kuti munthu mmodziyo ndani, popeza mchimwene wanga ali kumanda."

Ndinakhala pansi. Azakhali anandigwira bondo kusonyeza kuti ndalasa. Ngakhale a Ackim anayang'ana chipewa chawo.

"Callista, yankha," anatero amalume.

Anayankha maso ali pamphasa. "Alamu anena zoona kuti ndi wa munthu mmodzi. Anagula ndi bambo a ana anga, chaka chimene ntchito inatha ku Luwani. Anapita ku Limbe kukagula mbewu ya kabichi, n'kubwera ndi kabotoloka. Anati akamva fungo lake amakumbuka munda wathu. Ine ndinachita manyazi, ndinakabisa m'sutikesi. Ndinayamba kudzola iwo atasiya kuona."

"Munthu wosaona umamudzolera perefyumu?" ndinafunsa. Azakhali anaseka.

"Anachita kupempha okha. Anati, 'Anthu mukamalowa, mapazi anu ndi amodzi. Uzidzola kaja padzanja, ndizidziwa kuti ndiwe usanayankhule.' Ndiye ndinkadzola pang'ono m'mawa uliwonse, padzanja pokha."

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Kunama n'kunama, koma kunamizira wakufa ndi ufiti.

"Bodza," ndinatero. "Gerishon sankasowa botolo kuti adziwe munthu wake. Ine ndinkalowa m'chipinda chija osadzola kanthu, ndisanatsekule pakamwa iye wagwira kale dzanja langa, waliika patsaya. Onse pano mukudziwa."

Callista anatukula maso koyamba. Sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana manja anga, amene ndinali nditawatambasula pofotokoza, zikhadabo zake zachikasu ndi makoko a zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anatsekula pakamwa ngati anena kanthu, kenako anatseka n'kuyang'ananso pamphasa. Ndinati wasowa chonena.

"Nanga Lachiwiri lapitali unadzolera yani?" anafunsa amalume.

"Linali tsiku loyamba kuthyola mtengo umene iwo anayamba kubzala, wa pafupi ndi chulu. Ndinawasowa. Ndinadzola kamodzi kokha, ndipo ndinaiwala kuti ndipita kumsika. Pamenepo ndinalakwa, ndikupepesa."

"Kamodzi kokha," ndinatero. "Pang'ono padzanja. Nanga botolo latsika bwanji chonchi? Likudontha?"

"Sindikudziwa, alamu. Tsiku lina iwo akadali moyo ndinachokera kuchigayo n'kupeza latsika lokha."

Pakhonde ponse panamveka kuseka, ngakhale ana a amalume amene ankasuzumira pawindo. Botolo lodzimwa lokha. A Ackim anapukusa mutu, ndipo ndinaona kuti ayamba kale kuganiza za m'mene anyamulire katundu wa mwana wawo kutsika naye phiri. Amalume anatsokomola kukonzekera kugamula. Mitengo inali yanga pamenepo. Ndikanangokhala chete, lero bwenzi ndikukusimbirani nkhani ina. Koma tsoka silinunkha, ngakhale kwa munthu wa mphuno ngati yanga. Ndinkafuna kuti achoke atavulidwa zonse, asadzayerekeze n'komwe kubwera kudzaona manda.

"Dikirani, amalume. Pali china."

Ndinapisa dzanja m'jekete n'kuponya kaphukusi kaja pakati pa bwalo. Azakhali anafutukira m'mbuyo n'kukoka chitenje chawo.

"Ndakapeza lero m'thumba la malemu. Ndi khuzumule. Ndi zimene mkaziyu ankamudyetsa ndi kumuveka mchimwene wanga mpaka maso kufa."

A Ackim, amene chifikire anali asananene mawu opitirira khumi, anadzutsa mutu. "Pepani, mayi. Jeketeli lakhala kuti chimwalirire malemu?"

"M'bokosi mwanga."

"Mwana wathuyu sanaligwirepo? Kulichapa kapena kuliyanika?"

"Aligwire bwanji? Ndinalitenga tsiku loika maliro, anthu onsewa akuona. Bokosi ndi lachitsulo, kiyi ndi uyu m'khosimu, ndimagona naye. Ndalitsekula lero m'mawa. Ndikhoza kulumbira pa Baibulo."

"Ayi, takumvani," anatero a Ackim. "Ndimafuna tonse timve bwino."

Ndinaganiza kuti munthuyo ndi wogona. Ndimanena ndithu kuti anthu a ku Midzemba dzuwa linawaphika ubongo.

Amalume anaitanitsa phulusa, anadzola m'manja monga amachitira ogwira zoopsa, n'kuyamba kumasula mphira uja ndi nsonga ya mpeni. Pepala loyamba linachoka. Lachiwiri linachoka. Lachitatu lisanathe n'komwe, fungo linatuluka, ndipo silinali lamanyazi ngati lija la m'mwamba. Linali lakhala miyezi isanu ndi inayi litatsekeredwa, ndiye linatuluka lonse nthawi imodzi, nachesi, pichesi, maluwa, mpaka amalume amene ankati ndi madzi anabweza mutu m'mbuyo. M'katimo munalibe mizu, munalibe tsitsi, munalibe mchira wa buluzi. Munali mpango wabuluu wa timadontho toyera, wopindidwa mokhotakhota, mmene angapindire munthu wosaona.

Palibe anaseka. Callista anadzuka osapempha chilolezo, anayenda mpaka pakati pa bwalo n'kugwada. Anautola mpangowo ndi manja awiri.

"Mpango wanga," anatero, mawu ali pansipansi. "Ndinkadabwa. Ndikapita kuchigayo kapena kumunda, pobwera ndinkawapeza atavala jekete, kunja kukutentha. Ndikafunsa ankati akumva mphepo."

Anaukanikiza kumaso n'kuyamba kulira, kulira kosakweza mawu kumene sindinakuonepo pamaliro paja, pamene ine ndinkagubuduka pansi iye atangokhala duu. Ndinafuna kunena kuti akuchita sewero. Koma ndinkangoona Gerishon yekhayekha m'chipinda chija, akufufuza sutikesi ndi manja, akudina kabotolo mobwerezabwereza osaona kuti akuwononga, kenako akumanga ndi mphira kuti fungo lisathawe, chifukwa ngakhale iye ankadziwa kuti perefyumu wakeyo ndi wofooka.

A Ackim anavala chipewa chawo, kenako anachivulanso. "Akuluakulu, ine sindidziwa za akazi, ndanena kale. Koma lole ya a Mavuto yayamba kubwera mu Meyi chaka chino. Bokosi la mayiwa linatsekedwa mu Seputembala chaka chatha, ndipo atiuza okha kuti kiyi amagona naye. Kaya a Mavutowo analowa bwanji m'bokosimo, atithandize ndi eni bokosi."

Azakhali a Esnart, omwe aja anandigwira bondo, anasuntha pamphasa n'kusiya mpata pakati pa iwo ndi ine. Anati iwo anaona kuyambira pachiyambi kuti fungolo ndi laulemu, lofatsa, loyenera mayi wapabanja. Dzanja lawo linali likadali pamphuno.

Amalume sanachedwe. Anati Callista analakwa kudzola chaka chisanathe, ndipo apereke nkhuku imodzi yopepesera mwambo. Za mwamuna, anati palibe mlandu. Mitengo ikhala m'manja mwake ndi ana ake, ndipo akadzasudzulidwa mu Seputembala, kukhala kapena kuchoka adzasankha yekha, koma mitengo sidzakambidwanso pakhonde pawo iwo ali moyo. Pomaliza anatembenukira kwa ine.

"Modesta, mphuno yako ndi yabwino. Uziigwiritsa ntchito pa madengu."

Nkhuku imodzi. Mitengo makumi asanu ndi limodzi kuigula ndi nkhuku imodzi, mwinanso yachitopa. Ndinanyamuka osatsanzika. Ndikutsika masitepe, Callista anandiitana.

"Alamu, jeketelo ndi lanu ndithu. Ine ndingotenga mpangowu."

Ngati kuti ndinamupempha.

Ndinatsika phiri ndikutukwana aliyense, amalume ndi fodya wawo, azakhali ndi dyera lawo, a Ackim ndi chipewa chawo, matipate, ngakhale amwenye a ku Limbe ogulitsa madzi a zipatso m'mabotolo. Mitengo inandiwawa, sindikana. Koma ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Callista atenge mitengo, atenge mpango, atenge botolo. Iyeyo mwamuna wake ankachita kumudziwa ndi mankhwala a m'sitolo. Ine ankandidziwa ndi magazi.

M'mawa mwake ndinapita kumsika monga mwa masiku onse. Uthenga unali utafika kale, ndipo anzanga ankandipatsa moni wautali kuposa masiku ena, uku akuyang'anizana. Sindinawalabadire. Ndinayala manachesi anga m'milu, ndipo mayi wina wochokera ku Lisungwi atafunsa ngati ali otsekemera, ndinasenda limodzi kuti alawe, monga ndimachitira kambirimbiri patsiku. Madzi a khoko anathovukira padzanja langa. Kunkazizira, ndiye ndinakweza manja kukamwa kuti ndiwauzire mpweya.

Mphuno yanga siinama, ndinakuuzani poyamba paja. Imachedwa chabe pamene mwiniwake sakufuna kumva. Fungo limene linali m'manja mwangamo linali lomwe lija loyambirira kutuluka m'kabotolo, lomwe ndinaimirira pabwalo n'kulitcha makoko otaya ku nkhumba. M'chipinda cha Gerishon ndinkalowa ndikuchokera kumsika, osasamba m'manja, mwakachetechete.

Mayi uja anafunsa ngati ndili bwino. Ndinamuuza kuti atenge mulu wakewo azipita.

Ndinakumbuka mmene Callista anayang'anira manja anga pabwalo paja, n'kutsekula pakamwa, n'kutsekanso. Ankadziwa. Mwina ankaima pakhomo masiku onsewo n'kumaona, ndipo nkhani yanga ija anaimva pamaliro, kumsika ndi kutchalitchi osanena kanthu. Anali ndi mpeni m'manja tsiku limene ine ndinkamuvula, koma sanandibaye nawo. Akanandibaya bwenzi nditamukhululukira kalekale. Chifundo chakecho ndi chimene sindimukhululukira mpaka lero.

Perefyumu uja ndimanenabe kuti ndi wachabechabe, wofooka, wa anthu osadziwa mtengo wa nachesi. Callista sanachoke, mitengo ikubereka, ana anakula. Nkhani ya dzanja ija ndinaleka kuifotokoza, ndipo wina akaiyamba ndimasintha nkhani. Poifotokoza ndinkathera pamene Gerishon waika dzanja langa patsaya akumwetulira. Mbali yotsala ndinkaidumpha chifukwa ndinkaiona ngati yopanda ntchito. Ndikangoyankhula, ankalitula pabulangete.